Nyenyezi Yotsokomola Fumbi

Usiku uno ndakwera kawiri ndi tiyi
kuchipinda cha makompyuta pamwamba pa phiri,
kumene mpweya ndi wochepa ngati malipiro
ndipo milomo imang'ambika yokha.
Kuno ku Atacama mvula timangomva mbiri yake.

Ndinafunsa Leontina, mtsikana wa magalasi uja
amene amayeza kuwala ngati wogulitsa mchere:
Ija yofiira, pafupi ndi Amariya Atatu,
mukuti ikufa. Nanga iphulika liti?

Anauzira tiyi wake kaye.
Mwina usiku uno, mayi Zunilda.
Mwina patapita zaka zikwi zana limodzi.
Kwa nyenyezi, zonsezo ndi mawa.

Thireyi inanjenjemera m'manja mwanga.
Mawu amenewa ndinawamvapo kale
ku Calama, dokotala atakweza ku nyali
chithunzi cha mapapo a bambo:
mwina Khirisimasi ino, mwina adzaona zidzukulutudzi,
ine si Mulungu, amayi.

Bambo anga Hermógenes analowa m'mgodi wa mkuwa
zaka makumi atatu ndi ziwiri,
ndipo mgodiwo unalowa mwa iwo.
Akapuma, umamva miyala ikugubuduzika pansi pa nthiti.

Chaka china nyenyeziyo inazilala.
Kuphiri kuno anthu anaiwala kudya,
supu yanga inazizira m'mbale,
aliyense ankati basi, nthawi yakwana.
Patapita miyezi inayakanso, phee, ngati palibe chachitika.
Leontina akuti inangotsokomola fumbi,
mtambo wake womwe n'kuiphimba kumaso.

Ifenso tinaitanapo wansembe m'nyengo yozizira.
Mlongo wanga Wilfredo anabwera pa basi kuchokera ku Antofagasta
atanyamula jekete lakuda lobwereka.
Tsiku lachitatu bambo anatsegula diso limodzi
n'kufunsa amene wachotsa wailesi pawindo,
mpira uli pafupi kuyamba.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi ichi:
akuti kuwala kumene tikuona si kwa lero.
Kunanyamuka zaka mazanamazana zapitazo
ndipo kwangofika kumene, kotopa, m'maso mwathu.
Mwina mwini wake anatha kale.
Mwina uthenga wa maliro uli m'njira,
ukuthamanga mumdima wopanda siteji,
ife tili kuno kuloza chala, ati taonani kukongola.

Ndimakhala kuno masiku asanu ndi atatu ndisanatsike.
Foni imagwira pakona imodzi yokha,
kuseri kwa thanki ya madzi.
Ndikasenda anyezi, ndikakanda buledi,
ndimadziwa kuti bambo amene ndikuwaona m'mutu mwanga,
atakhala pampando, bulangete pamaondo,
ndi kuwala kwa Lachiwiri lapitalo.

Ikadzaphulika, akutero Leontina,
idzaoneka ngakhale masana.
Usiku munthu adzakhala ndi chithunzithunzi chake pamchenga
popanda mwezi.
Milungu, miyezi, kenako idzazilala,
padzatsala mpata ngati dzino lozuka.
Musaope mayi, ili kutali kwambiri,
sidzatipweteka.
Ndinagwedeza mutu, n'kutola makapu.
Yangayo ili maola atatu okha pa basi.

Nditatsika ulendo watha ndinawauza zonsezi.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira,
ndinawasisita kumsana mpaka miyala itakhazikika.
Atapeza mpweya anati:
Nditulutse panja ndimuone mnzangayo.
Tinawanyamula ndi mpando womwe.
Anayang'ana nthawi yaitali, chipewa chili m'manja,
kenako anailoza ndi chibwano:
Iwe ndi ine, tione ayambe ndani.

Tsopano ili folo koloko m'mawa.
Makina aakulu akutembenuza makosi awo mwakachetechete.
Ndatsuka kapu yomaliza,
ndapukuta manja pa epuloni,
ndadutsa pathanki: palibe uthenga.
Kumadzulo, pamwamba pa mapiri akuda,
ikadalipo,
yofiira ngati khala limene wina waiwala kuzimitsa.